Ndalama ya loya isachoke pabala la wantchito yekha

Mvula ikagwa bwino, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, minda ya tiyi ya ku Thyolo imadzaza anthu. Masamba amaphuka msanga, mafakitale sagona, mathirakitala ndi malole amangokhala pikitipikiti kututa tiyi ndi nkhuni. Imeneyi ndi nyengo ya ganyu, komanso ndi nyengo yomwe wina amaterereka pamtsetse dengu lili kumsana, wina makina amamudya zala, wina amagwa pangolo ya thirakitala. Zikatere timakamba za chipatala ndi za chipukuta misozi. Chomwe sitikamba kawirikawiri n'chakuti ndalamayo ikatuluka imadutsa m'manja mwa anthu angati isanafike kwa mwini bala, ndipo aliyense amatapapo zingati.

Maganizo anga ndi awa: loya ayenera kulipidwa, pakuti nayenso ndi wantchito. Koma aliyense amene wapindula ndi thukuta la loyayo asenzeko gawo la malipirowo, ndipo wovulalayo aone ndi maso ake, papepala, momwe ndalama yake yagawidwira.

Kuti timvane, tiyambe ndi njira ziwiri zomwe wovulala pantchito angatsate kuno kwathu. Yoyamba ndi ya lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la mu 2000, lotchedwa Workers' Compensation Act. Panjira iyi palibe kufunsana kuti adalakwa ndani. Bola ngoziyo yachitika uli pantchito, bwana amakanena ku ofesi ya zantchito, dokotala amayeza kuti thupi lawonongeka motani, ndipo ofesi ya Komishonala woona za chipukuta misozi ku unduna wa zantchito imawerengera ndalama. Munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, amalandira malipiro ake apamwezi kuchulukitsa ka 54. Akamwalira, banja limalandira malipirowo kuchulukitsa ka 42. Akalumala pang'ono, amalandira gawo la ndalama ya wolumala kotheratu ija molingana ndi zomwe dokotala wapeza. Njira iyi sifuna loya.

Yachiwiri ndi yokasuma kukhothi kuti wina adachita mosasamala, kaya ndi bwana amene sadaike chotchinga pamakina, kaya ndi munthu wapadera, monga mwini lole yomwe yagunda thirakitala ya esiteti pamsewu wa Limbe kupita ku Thyolo. Uku ndalama imatha kukhala yochulukirapo chifukwa khothi limawerengera ululu, kulumala ndi malipiro omwe munthu wataya. Koma uku n'kofunika umboni, zikalata ndi Chingerezi cha malamulo. Popanda loya, mayi wothyola tiyi sangalimbe.

Njira ziwirizi zimakumana pamfundo imodzi: munthu salandira kawiri pabala limodzi. Ngati udalandira kale chipukuta misozi choyamba, ndalama imeneyo imawerengeredwa pomwe yachiwiri ikutuluka. M'maiko ambiri, bwana kapena kampani ya inshulansi yomwe idalipira koyamba imakhala ndi ufulu wobwezeredwa ndalama yake kuchokera pa zomwe wantchito wapata kwa wolakwa uja. Mfundoyi payokha ilibe vuto. Vuto limabwera pofunsa kuti nanga loya amene wavutikira ndalama yonseyo amulipira ndani.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti bambo wina amalandira K100,000 pamwezi. Kuchulukitsa ka 54 ndi K5,400,000. Dokotala wapeza kuti walumala ndi magawo 30 pa 100, ndiye kuti chipukuta misozi chake ndi K1,620,000, ndipo walandira. Kenako loya wamuthandiza kusumira mwini lole ija, khothi lagamula K6,000,000. Pa ndalama imeneyi, amene adalipira koyamba akuti mutibwezere K1,620,000 yathu. Loya naye akuti tidagwirizana K25 pa K100 iliyonse, ndipo akuwerengera pa K6,000,000 yonse, ndiye kuti K1,500,000. Bambo uja watsala ndi K2,880,000.

Taonani bwino apa. Wobwezeredwa uja ndalama yake yabwerera yonse, osachotsapo ngakhale tambala. Sadalembe loya, sadakwere minibasi kupita ku khothi ku Blantyre, sadagone ndi njala podikira chigamulo. Malipiro a loya pa gawo lake lija, omwe ndi K405,000, amulipirira ndi munthu wolumala. Kwa bamboyu imeneyo ndi ndalama ya miyezi 4 yathunthu. Akuluakulu adati wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina.

Anzathu kwina adaliona kale vutoli. Ku America, m'chigawo cha Illinois, lamulo la chipukuta misozi limanena kuti bwana amene wabwezeredwa ndalama kudzera mu mlandu womwe wantchito adasuma alipire loya wa wantchitoyo K25 pa K100 iliyonse ya zomwe wabwezeredwa, komanso asenzeko gawo la zina zomwe zidawonongeka poyendetsa mlandu. Ku New York nakonso kampani ya inshulansi imayenera kusenza gawo lake la ndalama zoyendetsera mlandu. Nzeru yake ndi yomwe ija ya kumudzi: ngati mwadya nawo nsima, musathawe pobwera mtengo wa chigayo.

Kufupi kuno, dziko la South Africa lidakhazikitsa lamulo mu 1997 lokhudza mgwirizano woti loya adzalipidwe pokhapokha mlandu ukapambana. Lamulolo limati mgwirizano ukhale wolembedwa, ndipo loya asatenge zoposa kawiri malipiro ake anthawi zonse kapena zoposa K25 pa K100 iliyonse ya ndalama yomwe yatuluka. Ndipo pomwe makampani 6 a migodi ya golide adagwirizana zopereka ndalama pafupifupi R5 biliyoni kwa anthu odwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu, mgwirizano womwe khothi la ku Johannesburg lidavomereza mu Julaye 2019, malipiro a maloya adaikidwa padera. Munthu wokapempha gawo lake ku Tshiamiso Trust, kuphatikizapo Amalawi omwe adagwira m'migodi imeneyo, sayenera kulipira aliyense. Zikutheka ndithu kuti loya adye, wodwala nayenso alandire zake zosabenthuka.

Koma sitikusowa kupita kutali, chifukwa minda yathu yomweyi idatulutsa milandu iwiri yomwe idaonetsa poyera kukula kwa nkhani ya malipiro a maloya. Iyi sidali milandu ya ngozi za makina, idali ya amayi odandaula kuti adachitidwa nkhanza zogonana pantchito, koma phunziro lake ndi lomwelo.

Woyamba udakhudza amayi 36 omwe ankagwira m'minda ya Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi Thyolo. Kudzera mwa maloya a Leigh Day, amayiwa adasumira kampani ya Camellia ku London. Mu Febuluwale 2021 mbali ziwirizi zidagwirizana kunja kwa khothi, kampaniyo osavomera kulakwa. Ndalama yomwe idalengezedwa ndi £2.3 miliyoni, ndipo idalengezedwa ngati mtolo umodzi wophatikiza za amayiwo, za maloya ndi zina za mumgwirizanowo. Ndikumvetsa chifukwa chobisira zomwe mayi aliyense adalandira, pakuti kumudzi ndalama ikamveka achibale ndi akuba amabwerera limodzi. Koma nambala yotere ikatuluka m'nyuzi, wowerenga amangoigawa ka 36 n'kuganiza kuti aliyense adalemera. Mtolo womangidwa pamodzi umasokoneza anthu.

Wachiwiri udali wa amayi 31 omwe adasumira PGI Group, kampani ya ku Britain yomwe ndi kholo la Lujeri Tea Estates. Kampaniyo idakana milanduyo. Mu 2021 nkhani idafika pokangana za ndalama za maloya. Zidamveka kukhothi kuti amayiwa atapambana, onse pamodzi akadalandira pafupifupi £310,000, pomwe ndalama zoyendetsera mlandu kumbali yawo zinkayerekezedwa kupitirira £3 miliyoni. PGI idapempha kuti ndalama zomwe ingadzabweze kwa maloya a amayiwo pa ntchito yotsala zisapitirire £150,000. Woweruza Cavanagh adakana, poona kuti malire otsika chonchi akadapha mlanduwo, komanso kuti amayiwo sankangofuna ndalama, ankafunanso kuti chilungamo chimveke. Komabe adaunika bajeti ya maloyawo n'kuidula. Mu 2022 khothi la apilo lidakana kuti PGI ipitirize kutsutsa chigamulocho.

Ine pamlandu uwu ndikutolapo ziwiri. Choyamba, chilungamo n'chodula, ndipo amene akuti maloya azigwira mwaulere akunama. Chachiwiri, bilu ya loya idaikidwa patebulo, mbali zonse zidaiona, woweruza adaipima mlandu usanathe. Nanga bilu ya loya wa bambo wa ku Bvumbwe kapena ku Thekerani, amene zala zake zidatsalira m'makina, amaiona ndani?

Pamadandaulo omwe ndimamva kwa anthu ovulala, ambiri sanena kuti loya adawabera. Amanena kuti sakudziwa. Adaitanidwa ku ofesi, adapatsidwa cheke kapena ndalama idalowa pafoni, adasaina pepala lachingerezi, basi. Ukafunsa kuti khothi lidagamula zingati, sadziwa. Ukafunsa kuti kampani ya inshulansi idalipira liti, sadziwa. Mwina zonse zidayenda bwino, mwina ayi. Koma munthu amene sadziwa sangathokoze ndi mtima wonse, ndipo sangadandaule ndi umboni. Mdima umenewu umapweteka wantchito, umaipitsanso mbiri ya maloya oona mtima, omwe alipo ambiri.

Pali china chomwe anthu wamba ambiri sadziwa. M'makhothi athu, kawirikawiri wogonja pamlandu amalamulidwa kulipira ndalama zoyendetsera mlandu za wopambana. Ndiye kuti kupatula chipukuta misozi, pamakhala ndalama ina yomwe wolakwa uja amapereka yokhudza ntchito ya loya. N'zoona kuti ndalama imeneyi nthawi zina sikwanira ntchito yonse yomwe loya wagwira. Koma ngati loya walandira kuchokera kumbali yogonja, kenako akutapanso pa chipukuta misozi, mwini mlandu ali ndi ufulu wodziwa manambala onse awiri. Kupanda kutero, yemwe lamulo limamukaniza kulandira kawiri ndi wovulala yekha.

Tisaiwalenso madobadoba, aja amazungulira m'zipatala, kupolisi ndi m'makomboni kusaka anthu ovulala kuti awatengere kwa loya. Amabwera ndi mawu okoma munthu akadali ndi bandeji. Amati musavutike ndi a leba, ife tikupezerani zambiri. Koma dobadoba sagwira ntchito yaulere, ndipo gawo lake silichoka kumwamba. Limachoka pabala lomwelo.

Tsono ena anena kuti mukawapanikiza maloya, adzasiya kutenga milandu ya anthu osauka. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sindikuipeputsa. Loya amene watenga mlandu wa wothyola tiyi amaika ndalama zake patsogolo: kulipira zikalata kukhothi, lipoti la dokotala, mafuta a galimoto, ndipo amadikira zaka. Akagonja, zonse zapita. Bungwe la Legal Aid Bureau lilipo kuti lithandize osowa, koma milandu ndi yambiri kuposa maloya ake. Choncho loya wapadera timamufuna. Koma onani kuti zomwe ndikupempha sizimuchotsera kanthu. Pachitsanzo chija loya akulandirabe K1,500,000 yake. Chasintha n'chakuti K405,000 yachoka m'thumba la wobwezeredwa, osati la wolumala. Ndipo pepala losonyeza mawerengedwe silingaopse munthu amene mawerengedwe ake ndi olongosoka.

Eni minda ndi makampani a inshulansi nawo anganene kuti ife tidalipira msanga pomwe wolakwa adali wina, bwanji tilipirenso loya amene sitidamulembe? Yankho ndi lakuti pakadapanda loyayo simukadabwezeredwa kanthu, kapena mukadalemba wanu n'kumulipira. Kubwezeredwa magawo 75 pa 100 osatuluka thukuta si kuluza.

Chomwe chimakankhira anthu ambiri kumakhothi, ngakhale pamilandu yomwe ikadatha ku ofesi ya zantchito, ndi kuchedwa komanso kuchepa kwa ndalama panjira yoyamba ija. Lamulo la mu 2000 lidakonza zoti pakhale thumba la chipukuta misozi lomwe mabwana azisonkhamo, kuti wovulala asamadikire chifundo cha bwana mmodzi. Kwa zaka zoposa 20 thumbalo lidangokhala papepala, ndipo bwana aliyense amalipira yekha ngozi ikachitika. Pomwe munthu akudikira, ndalama ikusungunuka. Kwacha idagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Munthu amene adavulala kumayambiriro kwa 2022 n'kulandira kumapeto kwa 2023 adalandira nambala yomweyo, koma matumba a chimanga omwe akadagula adachepa kwambiri. Kuchedwa nako ndi dzanja lina lotapa m'mbale ya wovulala.

Nanga tichite chiyani? Ndiyambe ndi a Malawi Law Society, bungwe lomwe lili ndi udindo woyang'anira khalidwe la maloya. Likakamize kuti pamlandu uliwonse wa kuvulala pakhale mgwirizano wolembedwa mlandu usanayambe, m'chiyankhulo chomwe mwini mlandu amamva, wonena momveka kuti loya adzatenga zingati ndipo adzawerengera pa ndalama iti. Ndalama ikatuluka, paperekedwe pepala limodzi losonyeza zomwe khothi lidagamula kapena zomwe adagwirizana, tsiku lomwe ndalama idafika kwa loya, zomwe mbali yogonja idalipira ngati zoyendetsera mlandu, zomwe zabwezedwa kwa wolipira koyamba, zomwe loya watenga, ndi zotsala. Mizere 6 basi. Wogulitsa feteleza amapereka lisiti, loya angalephere bwanji?

Kwa aphungu athu, makamaka ochokera ku Thyolo ndi Mulanje komwe mavoti awo ambiri ndi a anthu a m'minda, lamulo la chipukuta misozi likamaunikidwanso mulembemo mosapita m'mbali kuti wobwezeredwa ndalama kudzera mu mlandu wa wantchito asenze gawo lake la malipiro a loya. Muikenso malire a zomwe loya angatape pa chipukuta misozi cha munthu wovulala, monga adachitira anzathu a ku South Africa.

Kwa unduna wa zantchito, njira yosafuna loya ija ikhale yachangu. Ofesi ya zantchito ya paboma ikhale ndi mafuta oyendera m'minda, ndipo mafayilo asamagone miyezi podikira siginecha. Njira iyi ikamayenda bwino, dobadoba adzasowa chonena.

Kwa a Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU, mudaonetsa mu 2016 kuti mutha kukhala pansi n'kusainirana mgwirizano wa malipiro, woyamba m'mbiri ya ulimi wa tiyi kuno. Nkhani iyi nayo ilowe pazokambirana zanu. Eni minda atha kulonjeza okha, osadikira Nyumba ya Malamulo, kuti iwo ndi makampani awo a inshulansi akabwezeredwa ndalama adzasenza gawo la loya. Mawerengedwe a chipukuta misozi, aja a 54 ndi 42, apachikidwe m'Chichewa pafakitale iliyonse ndi pamalo opimira masamba. Atsogoleri a PAWU aphunzitsidwe kuwerenga pepala la loya kuti membala asamapite yekha kukasaina.

Ndipo kwa inu amayi ndi abambo a m'minda, mukavulala nenani kwa kapitawo tsiku lomwelo, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa. Sungani buku lanu la kuchipatala ndi mapepala a malipiro. Pitani nokha ku ofesi ya zantchito mukafunse ngati ngozi yanu idanenedwa. Musachedwe, chifukwa malamulo ali ndi malire a nthawi, ndipo mlandu wa kuvulala umayenera kufika kukhothi zisanathe zaka 3. Mukaganiza zolemba loya, pitani ku ofesi yake, osati kukambirana ndi munthu wapanjira. Mufunseni kuti adzatenga zingati, ndipo yankho alembe. Muuzeni ngati mudalandirapo kale kanthu kuchokera kwa bwana, ndipo mufunseni kuti ndalama imeneyo ikamadzabwezedwa, gawo la loya adzalipira ndani. Musadinde chala papepala lomwe simudawerengeredwe ndi munthu amene mumamukhulupirira. Kufunsa si mwano, ndalamayo ndi yanu. Mukaona kuti sizikumveka, a Malawi Law Society amalandira madandaulo okhudza maloya.

Chipukuta misozi si mphatso, komanso si mwayi wa lotale. Ndi malipiro a miyezi ndi zaka zomwe dzanja lija likadagwira ntchito, operekedwa kamodzi kokha. Ikatha, palibe ina. Munthu amene sangathenso kuthyola tiyi adzadyera yomweyo, adzaphunzitsira ana yomweyo, adzagulira mankhwala yomweyo. N'chifukwa chake K405,000 yomwe kwa kampani ya inshulansi ndi kadontho, kwa iye ndi fizi ya mwana ndi malata a nyumba. Amene akutapapo atape zoyenera, atape poyera, ndipo onse opindula asonkhe.